Nthambi pa Lole ya Nsomba

Inu amene mukufuna mawu olimbikitsa, khalani pansi muwerenge. Ine sindidziwa kukometsera nkhani. Ndikuuzani za Aida mmene zinachitikira, zotsalazo mudziwonera nokha.

Mu Okutobala wa 1973, Aida anakhala masiku awiri pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa chipatala ku Mangochi. M'nyumba yachisoni munali mwamuna wake, Ellard. Panja panali iye yekha, ndowa imodzi, ndi nsalu imene anabwera nayo kuti amufunditse.

Kwathu kuno maliro sasowa anthu. Ngakhale munthu wouma mtima amapeza omulira. Koma Ellard anali mphunzitsi wochokera ku Ntchisi amene zaka ziwiri m'mbuyomo anatengedwa. Masiku amenewo mawu ankathera pomwepo: anatengedwa. Sitinkafunsa kuti wamutenga ndani kapena walakwa chiyani. Anabwerako ali mafupa okhaokha, akutsokomola, ntchito itatha, ndipo sanathe miyezi itatu.

Mphunzitsi akamwalira ali pa ntchito, kunkabwera galimoto yomutengera kwawo. Ellard sanali pa ntchito. Aphunzitsi anzake anadwala onse tsiku limodzi. Akazi awo anatseka zitseko. Ine ndinali mmodzi mwa akaziwo, nyumba yachitatu pa mzere wa aphunzitsi, ndiye musayese kuti ndikulemba izi ngati munthu woyera.

Aida anayenda kwa eni malole onse a pa boma. Analipo anayi. Woyamba anati dalaivala wapita kumudzi. Wachiwiri anati mafuta palibe. Wachitatu sanatuluke n'komwe m'nyumba. Wachinayi anamulandira bwino, anamupatsa mpando, kenako anamuuza kuti tayala laphulika. Aida asanafike pa msika, lole yomweyo inamudutsa itadzaza matumba a usipa, matayala onse ali bwinobwino.

Kutentha kwa Okutobala ku Mangochi sikudikira munthu. Tsiku lachitatu Ellard anaikidwa pakona ya manda a pa boma, kumene amaika alendo osadziwika kwawo. Manda anakumba ndi asodzi anayi a kwa Mponda amene sankamudziwa n'komwe. Anawatuma ndi mayi wina wogulitsa nsomba, Che Ajira, amene anadutsa pa chipatala nafunsa kuti mtsikanayu wakhaliranji yekha. Pamandapo panali anthu asanu ndi mmodzi. Aida anayamba nyimbo yekha, mawu anamuthera pa mzere wachiwiri. Asodzi aja, poti anali Asilamu, sankaidziwa. Anangoweramitsa mitu, kenako anakwirira.

Patatha milungu itatu kunabwera kalata yochokera ku Ntchisi. Achibale anapepesa, kenako anati asabwere kaye mpaka zinthu zitazizira. Aida anali ndi zaka 29, wopanda mwana, ndipo nyumba ya sukulu anali atamutulutsamo. Koma ngakhale akanamuitana, iye anali ataganiza kale. Sakanasiya Ellard pakona paja popanda womulambulira udzu.

Che Ajira anamupatsa malo ogona pakhonde ndi mpeni. Ntchito inali kupala mamba ndi kutumbula nsomba kuyambira m'mawa mpaka msana kuuma. Manja a mkazi wa mphunzitsi anang'ambika ndi minga ya chambo. Che Ajira sanali munthu wa chisoni chapakamwa. Ankamuseka kuti akugwira nsomba ngati kapu ya tiyi ya kwa azungu. Akazi ena a pa dokopo ankasuntha mabeseni awo Aida akakhala pafupi. Sankamuda ayi, ankaopa. Chaka chathunthu anadya yekha, atafulatira anthu kuti asawavutitse ndi kumuitana.

Chaka chachiwiri anaphunzira kuwamba nsomba pa uvuni. Dengu lake loyamba anakwera nalo basi kupita ku Limbe. Pofika kumeneko nsomba zinali zitalowa mphutsi, chifukwa anaziphula msanga pa moto. Anazitaya, nabwerera ndi dengu lopanda kanthu. Che Ajira anangomufunsa ngati waphunzirapo kanthu, n'kumuloza pamene panali nkhuni. Dengu lachiwiri linafika bwino. Lachitatu linagwa kuchokera pamwamba pa basi cha ku Ulongwe, agalu anakhuta. Sindikuwerengerani madengu onse. Anali ambiri, ndipo lililonse linadutsa pamutu pake.

Chimene chinamukweza n'chinthu chaching'ono. Sankabisa nsomba zowonongeka pansi pa dengu. Ogula a ku Limbe anazindikira kuti m'dengu la Aida, zapansi ndi zapamwamba n'chimodzimodzi. Anayamba kumudikira pa depoti. Kuchoka apo anayamba kutenga chambo chachiwisi pa ayisi. Mu 1982 anagula lole yakale yobiriwira imene mwini wake anali atatopa nayo, nalemba dalaivala, Che Abudu, bambo wodandaula pa chilichonse koma wodziwa injini kuposa ana ake omwe.

Pofika 1985 Aida anali ndi nyumba ya njerwa ndi malata. Hotela ina ya ku Limbe inkatenga chambo cha iye yekha. Kukakhala msonkhano waukulu pa boma, nsomba za alendo zinkachokera kwa iye. Apolisi a pa rodibuloko ankangokweza mtengo akaona lole yobiriwira. Anthu anaiwala kuti anali mkazi wa yani, kapena anasankha kuiwala. Ife tomwe tinatseka zitseko tinayamba kumupatsa moni wa manja awiri. Iye ankayankha bwino, koma ankadyabe yekha. Loweruka lililonse ankapita kumanda ndi khasu.

Lachiwiri lina m'mawa, mu Novembala wa chaka chimenecho, lole inanyamuka itadzaza chambo, ayisi pamwamba, lona atamanga, ulendo wa ku Limbe. Podutsa pafupi ndi chipatala, Aida anaona mtsikana atakhala pansi pa nimu uja. Anali yekha. Pambali pake panali ndowa.

Anauza Che Abudu kuti ayime.

Mtsikanayo anali Lizzie. Mwamuna wake, Kalisto, anali kalaliki pa ofesi ina pa boma, kwawo ku Dedza. Nayenso anatengedwa, nayenso anabwerako kudzangofa. Lizzie anafotokoza izi chapansipansi, maso ali uku ndi uku, ndipo pomaliza anapempha Aida kuti achokepo, anthu angamuone.

"Mwakhala masiku angati apa, mwana wanga?"

"Lero lachiwiri, amayi."

"Kwa eni malole mwapitako?"

"Onse. Akuti matayala."

Aida anabwerera ku lole. "Che Abudu, tsitsani nsomba."

Che Abudu anachita ngati sanamve. Atamvetsa, anakhala pa sitepe ya lole nayamba kudandaula. Hotela ikudikira. Ayisi akusungunuka. Ndipo ndani ku Mangochi kapena ku Limbe adzadye nsomba ya m'lole imene munagona mtembo? Ngakhale atatsuka ndi sopo wa m'sitolo yonse, anthu adzanenabe. Anawonjezera kuti Akhristu amavuta, kukanakhala kwa iwo Asilamu munthuyo akanaikidwa dzulo lomwelo, nkhani n'kutha. Aida anamuyankha kuti iye akadzafa, Che Abudu adzamuike mwachangu mmene angafunire, koma lero atsitse nsomba.

Che Abudu anakanda m'mutu. "Chabwino, Mayi. Koma tichite mwanzeru. Nsomba tikatsitse kwa Che Ajira, tinene kuti injini yavuta. Bokosi tiliike pansi, lona pamwamba, nthambi ayi. Aliyense aziyesa ndi chambo. Tipita, tibwera, palibe adziwe."

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Galimoto yonyamula maliro imamangidwa nthambi zaziwisi kutsogolo ndi kumbuyo, kuti aliyense woiona adziwe. Popanda nthambi, lole ya Aida ikanadutsa paliponse monga mwa masiku onse, malonda ake akanatsala osakhudzidwa, dzina lake likanatsala loyera. Ndi nthambi, boma lonse likanadziwa lole isanatuluke m'tauni. Nzeru ya Che Abudu inali yabwino. Ine ndikanaitsatira.

Aida anapita pa nimu uja, nathyola nthambi ndi manja ake, n'kudzaziponya pa mapazi a dalaivala.

"Munthu sapita kwawo ngati katundu wakuba," anatero. "Mangani."

Nsomba zinatsikira pomwepo, pamaso pa anthu. Theka anagawira amayi odikirira odwala amene ankaphika kuseri kwa chipatala. Theka linapita kwa Che Ajira, amene anali atakalamba tsopano, kuti awambe. Che Ajira anatukwana pang'ono, kenako anaitanitsa nkhuni. Bokosi Aida anagula kwa mmisiri wa matabwa pafupi ndi msika. Pofika teni koloko ananyamuka.

Aida sanakhale kutsogolo. Anakwera kumbuyo, pansi pakadali mamba ndi madzi a ayisi, nayala mphasa. Iye mbali iyi, Lizzie mbali iyo, bokosi pakati.

Maliro sayenda chete. Akazi amayimba njira yonse. Koma akazi analipo awiri okha, wina wa Katolika, wina wa CCAP. Uyu akayamba nyimbo, mnzake saidziwa. Mnzakeyo akayamba yake, uyu saidziwa. Pomaliza anapeza imodzi imene onse ankaidziwa theka, ndipo anayimba imeneyo kuchokera ku Mangochi mpaka ku Dedza. Che Abudu ankanena mpaka ukalamba wake kuti iye, Msilamu, anailoweza nyimbo imeneyo kuposa eni ake.

M'tauni, anthu odziwa nkhani anayang'ana kumbali. Ena analowa m'masitolo. Koma atangotuluka, kumene kunalibe wodziwa Kalisto, bambo wina wapanjinga anatsika navula chipewa. Amayi osenza mitolo ya nkhuni anapatukira m'mbali mwa msewu naima chilili. Pa Ulongwe, amuna osewera bawo pansi pa mtengo anasiya, naimirira. Sankadziwa kuti m'bokosimo muli yani. Anangoona nthambi.

Lizzie anasiya kuyimba. Anaika dzanja pa bokosi nauza mwamuna wake kuti taonani, akukuvulirani zipewa. Kwa zaka zitatu panalibe amene anali atamupatsa Kalisto ngakhale moni. Aida anapitiriza nyimbo yekha mpaka mtsikanayo atapezanso mawu.

Pa rodibuloko, wapolisi womudziwa anayamba kukweza mtengo, naona nthambi, naubweza. Anazungulira lole. Anawerenga kalata ya kuchipatala, nabwereza kuwerenga dzina.

"Mayi, mukudziwa amene mwanyamula?"

"Ndikudziwa. Ndi mwana wa munthu, akupita kwa amake."

Wapolisiyo anacheuka kuyang'ana anzake. Anali patali, akucheza. Anabweza kalata, anavula chipewa, nakweza mtengo.

Kalisto anaikidwa kwawo tsiku lotsatira, pafupi ndi abambo ake. Anthu sanachuluke, koma amake analipo, ndipo anamuona nkhope. Aida anaima kumbuyo kwa onse. Atangokwirira anauza Che Abudu kuti alize injini.

Musayese kuti dziko linamuombera m'manja. Zonse zimene Che Abudu ananena zinachitika. Hotela inapeza wina. Pa msika anayamba kunena za chambo cha maliro. Lole anaitsuka katatu, sizinathandize. Aida anaitanidwa ku ofesi ina, anakhala pa benchi tsiku lonse, nafunsidwa funso limodzimodzi kambirimbiri: ndani anamutuma? Anati palibe. Anamusiya apite, koma nsomba za misonkhano sanaitanitsenso kwa iye. Moni wa manja awiri unatha. Ife tinayambanso kuwoloka msewu tikamuona.

Ali ndi zaka 41, Aida anabwerera pa uvuni wa Che Ajira, nasenzanso dengu kukakwera basi. Lole inangoima pabwalo, nkhuku zikugona pansi pake. Che Abudu anamupempha kuti akaigulitse kutali kumene sadziwa mbiri yake, agule ina. Aida anakana. Anati poti anthu aipatsa kale ntchito, igwire ntchito yomweyo.

Kuyambira pamenepo lole yobiriwira inkanyamula nkhuni, njerwa ndi simenti. Koma kukamveka maliro a munthu wopanda womunyamula, zonsezo zinkatsika. Aida sankafunsa kuti ndi yani, analakwa chiyani, kapena ankapemphera kuti. Mafuta anali ake. Bokosi likasowa, linali lake. Woyamba kudzapempha anali mlonda wa ku Mulanje amene mkazi wake anafa pobereka. Kenako mkazi wa msilikali wopuma ntchito. Kenako mayi wa mnyamata amene anafera pa nyanja, kwawo ku Nsanje. Ambiri ankadzera kuseri kwa nyumba, kuopa kuoneka pakhomo pake. Iye lamulo lake linali limodzi: nthambi zimangidwe. Ndipo pakasowa woyimba, ankasiya uvuni n'kukwera yekha.

Ogula a ku Limbe sanaiwale dengu lija. Pang'onopang'ono anabwerera, chifukwa nsomba yabwino ndi yabwino basi. Patatha zaka zitatu Aida anagula lole yachiwiri ya nsomba zokhazokha. Anthu anayesa kuti tsopano asiya za malirozo. M'malo mwake anagulira yobiriwira ija matayala atsopano. Akazi amasiye ena amene anawaperekeza ankabwerera ku Mangochi osowa pogwira, iye ankawapatsa mpeni ndi malo pa uvuni, monga mmene Che Ajira anamuchitira.

Mmodzi mwa obwererawo anali Lizzie. Ndi iye amene anathetsa zodya yekha zija. Tsiku lina masana anangofika ndi mbale yake nakhala pansi pafupi ndi Aida, osapempha. Aida anamuyang'ana, namuuza kuti ndiwo zachepa mchere. Lizzie anati adya choncho. Kuyambira tsiku limenelo ankadya awiri, ndipo pa lole ankayimba awiri. Nyimbo za wina ndi mnzake anaphunzitsana.

Musayembekezere kuti ndikuuzani kuti mwini lole wa tayala lophulika uja anadzagwada kwa Aida. Sanabwere. Anafa wolemera, anapita kwawo pa lole yake. Amene anabwera ndine. Mu 1990 mwamuna wanga anamwalira atapuma kale ntchito, ana asanayambe kugwira ntchito. Inenso ndinadzera kuseri kwa nyumba. Aida sanandikumbutse za chitseko chija. Anangofunsa kuti kwawo kwa bambo n'kuti, naitana Che Abudu.

Mu 1992 Aida anadwala, ndipo aliyense anaona kuti sadzuka. Che Abudu, amene sankadziwa kuzungulira polankhula, anapita pa mphasa pake kukamuuza kuti lole waikonza, matayala ndi abwino, akungofuna kudziwa njira ya kumudzi kwawo ku Ntchisi.

"Ku Ntchisi kukatani?" anatero Aida. "Kwathu ndi pakona paja. Bambo aja akhala okha nthawi yaitali."

Ulendo wake womaliza unali waufupi kuposa maulendo onse a lole imeneyo, mtunda wosakwana mailosi awiri kuchokera kunyumba kufika kumanda. Unatenga maola atatu. Anthu anachokera ku Dedza, ku Mulanje, ku Nsanje, ku Kasungu, aliyense ndi nthambi yake, aliyense akufuna kumanga yekha, mpaka Che Abudu anadandaula kuti sakuona msewu. Palibe anadzera kuseri tsiku limenelo.

Atafika pakona paja, bokosi lisanatsike, Lizzie anaimitsa adzukulu. Anauza anthu kuti manda a pambaliwa ndi a bambo Ellard, amene anaikidwa ndi anthu asanu ndi mmodzi, nyimbo yawo inathera pa mzere wachiwiri. Anati ayambe ndi iwowo. Anaiyamba yekha nyimbo ija, monga mmene Aida anamuphunzitsira. Pa mzere wachiwiri manda onse anailandira, ndipo tinaiyimba mpaka kumapeto. Che Abudu anaima kumbuyo pafupi ndi lole yake, akupukuta galasi limene linali loyera kale.

Nkhani ndi imeneyo. Tsopano ndimvereni.

Inu amene lero mwakhala nokha pansi pa mtengo wanu, zitseko zonse zitatsekedwa, musataye mtima. Landirani mpeni umene mwapatsidwa, palani mamba. Dengu loyamba likawola, kawambeni lachiwiri. Zimatenga zaka, ndipo zaka zambiri mudzadya nokha, koma munthu amadzuka.

Ndipo inu amene munadzuka kale, kaya lole yanu ndi ndalama, kaya ndi sukulu, kaya ndi dzina limene anthu akalimva amakweza mtengo wa pa rodibuloko, musaiwale mtengo umene munakhala pansi pake. Pali wina wakhalapo lero, ndi ndowa yake. Musanene za matayala. Imani, tsitsani nsomba, mangani nthambi.